Buku la Kafka ndi lamphamvu, koma wogulitsa anandikhumudwitsa: nyenyezi zitatu

Nyenyezi ziwiri zimene ndachotsa pa zisanu ndi za mayi ogulitsa mabuku pa intaneti amene anandigulitsa bukuli. Franz Kafka alibe mlandu. Ndinaitanitsa The Metamorphosis, la m'Chingelezi, pa mtengo wokwera umene anaika pa tsamba lawo, n'kuwonjezera ya basi pamwamba. Phukusi linafika msanga, lokutidwa bwino m'pulasitiki. Mavuto anali m'kati.

Bukuli, lomwe ndi nkhani ya Gregor Samsa amene amadzuka m'mawa atasanduka chilombo cha timiyendo tambirimbiri, lili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi chachiwiri ndinawerenga bwinobwino, ngakhale guluu wa kumsana anali atayamba kale kuyoyoka. M'chigawo chachitatu, pamene alendi atatu andevu a m'nyumba mwawo akumvetsera Grete, mlongo wa Gregor, akuimba vayolini, Gregor naye atakopeka ndi nyimboyo mpaka kukwawa kutuluka m'chipinda chake, ndinatembenuza tsamba n'kupezeka ndabwerera kumbuyo, bambo ake akumugenda ndi maapozi. Masamba a chigawo chachiwiri anabwerezedwa, ena a chachitatu palibe. Obwerezawo atatha, Gregor anali atafa kale, mayi wantchito akumugwedeza ndi tsache.

Ndinajambula masambawo n'kuwatumizira mayiwo mwaulemu. Poyamba anati ndathothola ndekha. Nditawaonetsa manambala a masamba, anasintha mawu, akuti palibe chimene ndataya chifukwa nkhani yake ndi yodziwika, mphemvuyo imafa basi. Mawu amenewa ndi amene anandipsetsa mtima kuposa ndalama. Munthu wogulitsa buku osadziwa kuti masamba akusowawo ndiye mtima wa nkhani yonse! Ndi m'menemo Grete, mlongo yemwe ankamubweretsera chakudya pamene mayi ndi bambo ankaopa ngakhale kusuzumira, amaimirira pamaso pa makolo n'kunena kuti chinthuchi chichoke, ndipo asiye kukhulupirira kuti ndi Gregor. Gregor akumva zonse. Amabwerera pang'onopang'ono m'chipinda, mlongo wake yemweyo n'kukhoma chitseko. Usiku umenewo amaganizira abale ake mwachikondi, amavomereza kuti ayenera kuchokadi, n'kutsirizika m'bandakucha wotchi itagunda 3 koloko. Mukachotsa zimenezi, kodi mwandigulitsa chiyani?

Chikuto nacho ndi chokwiyitsa. Ajambulapo chimphemvu chachikulu chodzaza tsamba lonse, ngati buku loopseza ana. Kafka mwiniwake analembera kampani ya Kurt Wolff ya ku Leipzig mu 1915, bukuli lili pafupi kutuluka, kupempha kuti chilombocho chisajambulidwe, ngakhale chapatali. Anamumvera: pa chikuto choyambacho panali munthu atadziphimba kumaso, chitseko chili chotsegula kumbuyo kwake. Osindikiza awa sanasamale.

Nditalimbikira, n'kunena kuti ndilemba zimenezi poyera, mayiwo anatumiza lina. Pano ndiyenera kuwachitira chilungamo. Lachiwirili ndi lathunthu, zilembo zake ndi zazikulu bwino, ndipo ndikukhulupirira kuti mabukuwa amawalandira ali omata kale, iwo osatsegula. Mwina sankadziwadi. Chimene sindikuwakhululukira ndi kundinamizira kuthothola.

Nditawerenga lathunthulo mkwiyo wanga unatsika, chifukwa nkhaniyi inandigwira mtima. Anthu amaitchula ngati nkhani ya munthu wosanduka chilombo, koma kusandukako kumachitika m'chiganizo choyamba penipenipo, ndipo Kafka safotokoza chifukwa chake. Chotsatira chonse ndi nkhani ya pakhomo. Gregor Samsa ndi wogulitsa nsalu woyendayenda, ntchito yomwe amadana nayo, koma amaigwira chifukwa makolo ake ali ndi ngongole kwa bwana wake kuchokera pamene bizinesi ya bambo inagwa zaka zisanu m'mbuyomo. Atadzuka n'kudziona ali ndi timiyendo tambirimbiri, nkhawa yake yoyamba ndi yakuti sitima ya 5 koloko yamusiya. Pasanapite nthawi kapitawo wa ku ofesi wafika kale pakhomo kudzafunsa chifukwa chimene wajombera, munthu amene sanadwalepo pa zaka zonse zimene wagwira pamenepo.

Malo amene anandipweteka kwambiri ndi pamene Gregor, akumvetsera ali kuseri kwa chitseko, amamva bambo ake akuulula kuti panali ndalama zina zimene zinapulumuka bizinesi itagwa, ndiponso kuti pa zimene iye ankabweretsa mwezi ndi mwezi ankasungako. Ndalama zimenezo zikanachepetsa ngongole, iye n'kumasuka msanga. Sanamuuze. Ndipo Gregor sakwiya, amasangalala kuti bambo ake anaganiza mwanzeru. Ndinatseka buku pamenepo kwa kanthawi. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni kapena m'tauni, yemwe foni yake imalira pakutha pa mwezi pokha, awerenge ndime imeneyi mofatsa. Kafka amanena yekha kuti banjalo linazolowera: ndalama ankalandira moyamikira, iye ankapereka mokondwa, koma chikondi chenicheni chinali chitazirala.

Wopezera banja chakudya atagwa, onse amene ankaoneka ofooka amadzuka. Bambo amene ankangokhala pampando tsiku lonse amapeza ntchito ya umesenjala ku banki, ndipo yunifolomu savula ngakhale akuwodzera kunyumba. Mayi amasoka zovala za m'kati zogulitsa ku shopu. Grete amagulitsa m'sitolo masana, usiku n'kumaphunzira Chifalansa ndi kalembedwe kachidule. Mphamvu anali nazo kale. Chipinda cha Gregor chimasanduka kotayirako katundu wopanda ntchito, apozi lija likuwolera pamsana pake popanda wolichotsa.

Komabe sindinathe kudana ndi Grete mpaka kumapeto, ndipo apa ndi pamene ndinaona ukatswiri wa wolembayu. Ndi mtsikana wa zaka 17. Anayamba ndi mtima wabwino, kuyesa zakudya zosiyanasiyana kuti aone chimene mchimwene wake angadye, kutsegula windo, kusesa. Anatopa. Amene anadwazikapo matenda a mgonagona akudziwa kutopa kumene munthu sakutchula pagulu. Gregor anali ndi chinsinsi choti pa Khirisimasi adzalengeze kuti amutumiza kusukulu ya zoimbaimba, ndipo ndi vayolini yomweyo imene inamutulutsa m'chipinda tsiku lomaliza lija. Iye atafa, atatuwo amalemba makalata opempha tchuthi ku ntchito, n'kukwera sitima ya mumsewu kupita kunja kwa tauni, makolo akuona kuti mwana wawo wakula, nthawi yakwana yomupezera mwamuna. Palibe maliro. Mtembo anauchotsa ndi mayi wantchito, ndipo atafuna kufotokoza mmene wachitira, bambo anamuletsa ndi dzanja.

Buku lachiwirili lili ndi mawu oyamba aafupi okhudza wolemba, ndipo ndi othandiza. Kafka anabadwira ku Prague mu 1883, m'banja lachiyuda lolankhula Chijeremani, ndipo masana ankagwira ntchito ku ofesi ya inshuwalansi ya ngozi za apantchito, kulemba n'kumachita usiku. Nkhaniyi anailemba chakumapeto kwa 1912 akukhalabe m'nyumba ya makolo ake. Ndi bambo ake, a Hermann, sankamvana, mpaka mu 1919 anawalembera kalata yaitali kwambiri imene sinawafike. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1924 asanakwanitse zaka 41. Ukadziwa izi, bambo ogenda maapozi aja amaoneka mwanjira ina.

Bukuli ndi lalifupi, mutha kulimaliza madzulo amodzi, ndipo Chingelezi chake n'chosavuta kwa wa Fomu 3 kapena 4. Ndingalimbikitse aliyense kuliwerenga, koma musagulire mwana wa ku pulayimale chifukwa cha chikutocho. Ngati mukugula kwa mayiwa, auzeni atsegule pulasitiki ndi kukutumizirani zithunzi za masamba a chigawo chachitatu musanatumize ndalama. Ya basi yachiwiri ndinalipiranso ndine, ndipo mpaka lero sanandibwezere.