Kiti yoyezera njoka za m'mimba kwa galu ndi mphaka: yathandiza koma ili ndi pobera

Amene muli kuno ku UK ndipo mukuweta galu kapena mphaka mwina mwaziona izi akuzitsatsa pa intaneti, ati kuyeza njoka za m'mimba uli pakhomo pako. Ine ndinagula ziwiri, ya galu ndi ya pusi wathu.

Zoti pakhomozo ndi zongokokomeza, iwe ntchito yako ndi kutola manyi basi, oyezawo ndi a ku labu. Mupaketimo mumakhala magulovu, kasipuni kapulasitiki, kathumba koikamo katunduyo, fomu yolemba dzina la chiweto ndi mankhwala amene unachipatsa komaliza, komanso envelopu yobwezera pa positi. Kwa galu nzosavuta, umangomutsata mmawa akamadzithandiza. Mphaka ndiye mavuto, amakwirira zake mu litter tray pofika iwe zamatirira mchenga zonse, ndiye ngati ali woyendayenda ngati wathuyu yemwe amakachitira kwa aneba uyenera kumutsekera mnyumba kaye, akulira usiku wonse.

Zotsatira anatumiza pa imelo, zolembedwa momveka bwino, apa ndiwayamikire. Galu anamupeza ndi mazira a Toxocara, mtundu wina wa njoka za m'mimba, ndipo analemba kuchuluka kwake pa galamu imodzi ya chimbudzi. Galu wake wonenepa bwinobwino, wosaonetsa chizindikiro chilichonse. Izi zinandidetsa nkhawa chifukwa mazira amenewa amakhala nthawi yaitali mu dothi ndipo mwana akawameza posewera pa kapinga amatha kudwala, nthawi zina mpaka kuvulala diso. Apa ndalama yanga sindikuidandaula.

Koma pusi uja anati alibe kanthu, ine kusangalala, posakhalitsa ndikuona timatinthu toyera ngati mpunga kumchira kwake ndi pa bulangete lomwe amagonapo, tina tikusuntha! Tapeworm. A vet, dokotala wa ziweto, anandifotokozera kuti njoka imeneyi mazira ake amatuluka ali mkati mwa tizidutswa timeneti, samwazikana mu chimbudzi, ndiye pa maikulosikopu kawirikawiri saoneka. Ndipo imabwera kudzera mu utitiri womwe mphaka amameza podzinyambita, choncho tinamupatsa praziquantel, mankhwala opha tapeworm, komanso mankhwala a utitiri, kupanda apo imangobwereranso. Pa kapepala ka mu paketi analembapo ndithu zoti tapeworm kawirikawiri saipeza koma ndi timalemba tating'ono kumapeto, pomwe pa malonda paja sakuzitchula nkomwe. Izi ndiye sindinakondwe nazo.

Chinanso, lungworm (njoka ya m'mapapo) ndi giardia (kachilombo kotsegula m'mimba) sizili mu mtengo woyambawo, umalipira padera ndipo amafuna utolere manyi a masiku 3 otsatizana. Lungworm yo agalu amaitenga ku nkhono, ndipo ndi mvula ya kunoyi nkhono zili mbwee mu gadeni, ndiye kwa galu sungaizembe, bilu nkukwera. Komabe kwa ine zinatsikirako poyerekeza ndi kukayezetsa kwa vet.

Kwa galu ndidzagulanso. Kwa mphaka bola kumamuyang'ana kumchira. Ndipo chiweto chikamatsegula m'mimba mwa magazi kapena kuonda osadikira za positizi, thamangirani kwa vet. Potumiza tumizani Lolemba kapena Lachiwiri, mukaponya Lachisanu katunduyo akagona weekend yonse panjira ndipo a ku labu akhoza kukufunsani wina watsopano.