Makala, gasi, magetsi kapena mabriketi, tiphikire chani mtauni muno?

Anzanga nkhani ya chophikira yafika povuta ndiye tiyeni tiziike pambalambanda zinayi zimene ambiri tikusinthasintha mmakomomu, osangoyang'ana mtengo wa lero wokha ayi komanso zomwe zikuchitika kunkhalango.

Makala ndi omwe tinakula nawo ndipo pa nyemba, mang'ina kapena kuotcha chimanga palibe chowaposa, makamaka a tsanya olemera aja ochokera cha ku Mwanza ndi Neno, amakhalitsa pambaula. Komanso umagula malinga ndi mmene mthumba muliri, kajumbo kamodzi tsiku latha. Koma tijumbo ta tsiku ndi tsiku mukawonkhetsa pamwezi mupeza kuti ndalama yake yaposa ya thumba lathunthu, ndiye tsanya naye ndi mtengo wokula pang'onopang'ono zedi, ndipo mu uvuni wootchera makala wokwirira ndi dothi uja nkhuni zambiri zimangothera mu utsi ndi phulusa. A ku Lilongwe mukudziwa kuti makala ambiri olowa panjinga mbandakucha amachokera ku Dzalanyama, komwenso kumayambira mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza Kamuzu Dam, madzi omwewa tikutunga pampopi, zinafika poti 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera. Lamulo la nkhalango la 1997 lomwe analikhwimitsa 2020 likuti makala opanda laisensi ndi mlandu. Ovomerezeka alipo, monga a Kawandama Hills ku Viphya opangidwa ndi bulugamu wochita kudzala, kungoti sapezeka pamsika uliwonse.

Gasi ine ndi amene ndimamuikira kumbuyo kwa anthu a mtauni. Tiyi wa ana mmawa, kukazinga mazira, masamba, nsima ya anthu anayi, zonsezi mphindi zochepa basi, ukazimitsa wazimitsa palibe moto wotsala ukungonyeka chabe ngati pambaula, mapoto sakuda, mnyumba mulibe utsi. Chopweteka ndi poyambira, silinda, chitofu, paipi ndi regulator zimafuna ndalama yokhazikika kamodzi, ndipo poti gasi amachokera kunja forex ikasowa naye amasowa kapena kukwera, mtengo wake amalengeza ndi a MERA, bungwe loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi. Za mantha oti aphulika ndimazimvetsa, koma pakani madzi a sopo polumikizira paipi, pakachita thovu ndiye kuti pakutuluka mpweya musayatse, silinda izikhala choimirira pamalo opita mphepo ndipo mukamaliza tsekani. Nyemba zouma pagasi popanda kuviika usiku ndiye kutaya ndalama kumeneko.

Magetsi akanakhala odalirika bwenzi mkangano watha. Ambiri amachokera mu Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo apa ndi pomwe nkhani ya makala imatibwerera, mapiri akameteka dothi limakokolokera mumtsinje, matope ndi zinyalala nkumatseka makina. Namondwe Ana mu January 2022 ataononga Kapichira tinataya pafupifupi 130 megawatts, mukukumbuka mmene makala anayendera malonda nthawi imeneyo, mitengo ina nkugwanso. Hotplate ya waya wozungulira ija imadya mayunitsi koopsa, induction (chitofu chotenthetsa poto ndi maginito) ndi pressure cooker yamagetsi (poto wotseka kwambiri wophika ndi nthunzi) ndiye zimasunga, nyemba zimapsa ola lisanakwane. Vuto lina ndi la nyumba za lendi zogawana mita imodzi, alandilodi ambiri amaletseratu kuphikira magetsi.

Mabriketi amapangidwa ndi utuchi, mankhusu a mpunga, makoko a mtedza, zinthu zoti zikanangotayidwa, ndipo amalowa mumbaula yomwe muli nayo kale osagula china chilichonse. Koma amasiyana kutengera wopanga, ena amayaka bwino nthawi yaitali ena phulusa thoo moto wochepa, amachedwa kukolera ndipo akanyowa amangofumbutuka. Yambani mwagula ochepa muone kaye.

Kwa makolo kumudzi zonsezi nzakutali, iwo apezereni Chitetezo mbaula yadothi ija mmalo mwa mafuwa, imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, ndipo dzinja lino adzaleko nsungwi ndi mitengo yokula msanga kuseri kwa nyumba poti nyengo yodzala imayamba 15 December mpaka 15 April.

Ndiye kusankha kwanga ndi uku, zophika msanga zonse pagasi, magetsi akakhalapo nyemba mu pressure cooker, mbaula izingotuluka pa zinthu zochedwa kupsa ndipo muziikamo mabriketi kapena makala a laisensi. Amene ndalama ya silinda yaikulu sikukwana yambani ndi ya 3kg kapena 6kg yokhala ndi chitofu pamwamba pomwepo, kapena lowani chipeleganyu ndi anzanu apafupi mwezi uno agule mmodzi, mwezi wamawa wina, mpaka nonse mukwane.