Wailesi ya Bluetooth m'Corolla yanga patatha miyezi 8 pa msewu wa ku Mwami

Ndimayendetsa takisi, Corolla ya 2004, kuchoka m'tauni ya Chipata kupita ku boda ya Mwami, ndipo wina akandihayala ndimafika ku Katete kapena ku Chadiza. M'galimoto ndimo ndimaswera, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Wailesi ndiyo imandiuza za mtengo wa chimanga, mauthenga a maliro ndi zigoli za mpira, ndiponso imatonthoza makasitomala pamene tikudikira kuti galimoto idzaze. Papita miyezi 8 chiikireni yatsopano, yadutsa m'fumbi, m'kutentha kwa Okutobala ndi m'mvula, ndiye tsopano ndingathe kunenapo zimene ndaona ndi maso anga. Wailesiyo ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Koma zimene zinandidyera ndalama ndi kundilanda tulo zinali kuseri kwa dashibodi, kumene kuli mawaya, ndipo n'zimene zandichititsa kulemba.

Yakale ndinaichotsa pa chifukwa chimene aliyense wa galimoto yochokera ku Japan akuchidziwa. Galimoto zimenezi zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Nakonde zili ndi mawailesi opangira kwawoko, kumene FM ya nthawi imeneyo inkayambira pa 76 n'kulekezera pa 90 MHz. Kuno kwathu imayambira pa 87.5 kukafika pa 108. Masiteshoni ambiri akuno ali pa manambala amene wailesi yangayo inalibe n'komwe. Amene anandigulitsa galimoto anali ataikamo band expander, kabokosi kolumikiza pa waya wa eriyo kamene kamatsitsa manambala kuti akwane m'wailesi. Kankathandiza ndithu, koma nambala yooneka pagalasi sinali yeniyeni, ndipo pena masiteshoni awiri ankalankhulira pamodzi ngati anthu olimbirana mzere pachigayo.

Ndinagula ya single DIN, zopyapyala zija za mamilimita 180 m'lifupi ndi 50 kutalika, ku sitolo ina ku Down Shops, pa K1,400. Ilibe CD. Ili ndi polowetsa fulashi kutsogolo, AUX (polumikizira foni ndi waya), Bluetooth, kamaikolofoni ka waya wautali, ndipo nkhope yake imachoka. Nditangotuluka m'sitolo, mnyamata wina anandilonjera n'kunena kuti andiikira pompo pa K150. Ndinali ndi changu chobwerera pa renki, ndinavomera.

Ndimakumbukirabe mmene anagwirira ntchito. Atasolola wailesi yakale, anatenga pulayala n'kudula mapulagi awiri a galimoto, la mabowo 10 ndi la mabowo 6, n'kuwaponya pansi. Mawaya ankasenda ndi mano, kupota ndi zala, kukulunga tepi yakuda, basi. Sipanathe mphindi 30 nyimbo zinayamba kulira, ine mtima m'malo, ndinalipira n'kumapita.

Kutacha ndinapeza masiteshoni onse amene ndinasunga afufutika, wotchi yabwerera pa ziro. Ndikangozimitsa injini, wailesi inkaiwala zonse, ngakhale kakonzedwe ka mawu. Nditabwerera kwa mnyamata uja anati, "Bwana musadandaule, kankhani kakang'ono aka." Anagwiragwira kuseriko, ndipo kuiwala kunathadi. Chimene sanandiuze n'chakuti tsopano wailesi sinkazimanso ndikazula kiyi.

Loweruka lina ndinafika kunyumba usiku ndili wotopa. Ndinali nditatsitsa voliyumu mpaka pansi polankhula ndi kasitomala, ndipo ndinatseka galimoto osaona kuti kagalasi kakuyakabe. Lamlungu timapita wapansi kutchalitchi, galimoto inangokhala. Lolemba cha m'ma 4 koloko m'mawa, amayi ena amene ndimawanyamula sabata iliyonse anali akundidikira pamsewu ndi matumba awo, kuti akawoloke boda mzere usanatalike. Ndipotokola kiyi, kungomva kuti tche tche tche, magetsi a padashibodi ali zii. Galimoto ya otomatiki sukankha. Ndinawaimbira foni kupepesa, iwo anangoti, "Palibe kanthu bambo, ndikwera ina." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipiridwa, chifukwa kasitomala wodalirika sumupeza tsiku limodzi. Majampa ndinawapeza 7 koloko itakwana, kwa aneba.

Mnzanga wa pa renki ndiye anandilozera kwa achikulire ena okonza zamagetsi a galimoto cha ku Kapata. Kagalaja kawo n'kamalata, koma zipangizo zili m'malo mwake ngati m'chipatala. Nditafotokoza, sanayankhe msanga. Anasolola wailesi, n'kukoka pang'ono mtolo wa mawaya, ndipo awiri anangovuka okha, tepi itasungunuka ndi kutentha n'kusanduka phula lomata zala. Anandiyang'ana n'kuti, "Mwana wanga, kuthamanga sikufika. Uku n'kumene kumayambira moto m'galimoto. Khala apa uone, mawa usadzapusitsidwenso."

Anatenga tesita, kababu kokhala ndi nsonga ngati sukuludiraiva ndi waya wopanira pa chitsulo. Anagusa waya wina kiyi ali m'thumba mwanga, kababu kanayaka. "Uyu ndi wa batire, sagona. Amapita ku wachikasu wa wailesi, ndiye amasunga masiteshoni ndi nthawi." Anagusa wina, zii. Anandiuza kuti ndipotokole kiyi pa ACC, kababu kanayaka. "Uyu ndi wa kiyi. Amapita ku wofiira, ndiye amauza wailesi kuti dzuka kapena gona." Apo m'pamene ndinamvetsa zonse. Poyamba mnyamata uja anamanga wachikasu ndi wofiira pamodzi n'kuwaika pa waya wa kiyi, n'chifukwa chake wailesi inkaiwala. Nditadandaula anasamutsira onse awiri pa waya wa batire, n'chifukwa chake sinkazima. Mawaya awiri amenewa aliyense ali ndi njira yake, sayenera kukumana.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi mitundu. Mawailesi ogula padera ambiri amatsata kaonekedwe kamodzi: wakuda ndi wa ethi (wolumikizana ndi chitsulo cha galimoto), oyera ndi a sipika yakutsogolo kumanzere, otuwa kutsogolo kumanja, obiriwira kumbuyo kumanzere, apepo kumbuyo kumanja, ndipo pa awiriawiri amenewa wokhala ndi kamzere kakuda ndiye negetivi. Koma mawaya a galimoto ali ndi mitundu yawoyawo. M'Corolla yanga, monga m'ma Toyota ambiri a zaka zimenezo, wa batire ndi wabuluu wa kamzere kachikasu, wa kiyi ndi wotuwa, wa ethi ndi wakhofi. Wakuda ndi wofiira kumeneko amapita ku masipika akumbuyo. Ndiye tangoganizani munthu amene akungofananiza wofiira ndi wofiira, wakuda ndi wakuda. Achikulirewo anati mawailesi ambiri amene amabwera nawo anthu atapsa, amapsa tsiku loikidwa lomwelo.

Asanayambe kulumikiza anachotsa kaye waya wa negetivi pa batire. Kenako anatuma mwana wawo kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zophwasulidwa kukafuna mapulagi ofanana ndi amene anadulidwa aja. Anawabwezera waya ndi waya, kuwotcherera ndi mtovu, n'kuveka timapaipi tapulasitiki timene timafinyika tikamva moto. Atatero anatenga hanesi ya K180, yokhala ndi pulagi lolowa mwa Toyota mbali ina ndi mawaya a mitundu ya wailesi mbali inayo. Ndikanaigula tsiku loyamba, palibe waya wa galimoto ngakhale mmodzi ukanadulidwa. Ndinadziwa mochedwa kuti chinthu chotere chilipo, ndipo wogulitsa wailesi sananditchulire.

Masipika anawayesa ndi batire wa tochi, wa 1.5 volts. Ankagusa mawaya awiri pa batireyo mwachidule, sipika n'kumveka kuti phu, apo tadziwa kuti ndi ya chitseko chiti. Pa yakutsogolo kumanja anachotsa chophimba n'kundionetsa pepala la sipika: pozitivi ikakhala pamalo pake pepala limatulukira kunja, ikatembenuzidwa limalowa mkati. Yangayo inali yotembenuzidwa. Sipika imodzi ikamakankha inzake ikukoka, mawu a ng'oma amaphana, ndipo ine masabata onsewo ndinkaganiza kuti wailesi yake ndi yopanda besi. Atakonza, gitala ya besi inamveka mpaka m'chifuwa, masipika ali omwewo akale.

Panalinso zina ziwiri. Kulira kwina kosonga, kokwera ndikaponda mafuta n'kutsika ndikasiya, kunkachokera pa ethi imene inangokulungidwa pa kabawuti kopentedwa. Anaibwezera pa waya wake weniweni, phokoso linatha. Ndipo waya wabuluu mnyamata uja anangoupinda n'kuumata tepi. Galimoto yanga ili ndi eriyo ya pagalasi lakumbuyo yokhala ndi kochulukitsa mphamvu, ndipo kameneko kamadya magetsi kudzera pa wabuluuyo. Usanalumikizidwe, ndikangodutsa mapiri otuluka m'tauni mawu ankayamba kuthetheka. Ntchito yonse inatenga maola atatu, ndinalipira K350 mosanyinyirika. Malo a wailesi m'ma Toyota amenewa ndi a mamilimita 200 m'lifupi, choncho anaika timapulasitiki totseka mipata m'mbali, ndi kabokosi pansi pake, m'mene tsopano ndimasungamo chenji.

Kuyambira tsiku limenelo batire silinandigonerenso, ndipo m'pamene ndinayamba kuidziwa wailesi yeniyeniyo.

Kukoka kwake n'kwabwino. Breeze FM, Radio Maria ndi ZNBC zimamveka mbee m'tauni, ndipo ndikayandikira boda ndimagwiranso masiteshoni a ku Malawi, zimene makasitomala a ku Mchinji amakondwera nazo. Bluetooth ndiyo yandithandiza koposa. Foni yanga imalira tsiku lonse, ndipo kuyendetsa foni ili kukhutu ndi mlandu, kuwonjezera apo n'kuika miyoyo ya anthu pachiswe. Pano ndimangodina batani limodzi, manja onse ali pa chiwongolero. Ndikaliza galimoto imalumikizana yokha ndi foni, ngakhale imatenga kanthawi. Kusakhala ndi CD sindikuona ngati vuto, chifukwa pa misewu yafumbi ya kumidzi chimbale chimadumphadumpha, pamene fulashi imodzi imanyamula makwaya okwanira ulendo wa ku Lusaka kupita ndi kubwera. Nkhope ndimaichotsa madzulo n'kulowa nayo m'nyumba, wakuba akasuzumira amangoona chibowo.

Nyenyezi imodzi ndaichotsera zinthu zimene zimandivuta tsiku ndi tsiku. Masana dzuwa likalowa m'galimoto, zolembedwa pagalasi sizioneka, umachita kutchinga ndi dzanja. Usiku kuwala kwake kwabuluu kumathobwa m'maso, ndipo pochepetsera anapabisa mkati mwenimweni mwa menyu. Mabatani ndi aang'ono kwa munthu wa zala zogwira sipanala. Kamaikolofoni, kamene tinakapanira pamwamba pa galasi lakutsogolo, kamatola mphepo yonse mawindo akakhala otsegula, moti woimba foni amangoti sindikukumvani mpaka nditseke, ndipo mu Okutobala kutseka mawindo uli ndi anthu anayi si nkhani yamasewera. Polowetsa fulashi pali kachitseko kofewa kamene kanathyoka m'mwezi wachitatu. Tsopano fumbi limalowa, ndipo ndikagunda bampu nyimbo imaduka n'kuyambiranso. Ndinagula kafulashi kakafupi kosatulukira kunja, zachepako.

Pa katoni analembapo 50W x 4 ndi zilembo zikuluzikulu. Imeneyo ndi mphamvu ya kamphindi chabe, yeniyeni yopitirira imakhala cha m'ma 20 pa sipika iliyonse, mwinanso kucheperapo. Kwa takisi ngati yanga, ya masipika anayi a 4 ohms, ndi yokwana bwino. Koma amene mukufuna zogwedeza buti pa Nc'wala ku Mtenguleni, wailesi yokhayi sikufikitsani, mufunika ampulifaya yokhala ndi waya wake wonenepa wochokera ku batire ndi fyuzi yake pafupi ndi batirepo. Woiyatsa ndi waya wabuluu wa kamzere koyera. Ndipo musapachike masipika awiri pa waya umodzi pofuna phokoso, wailesi imatentha mpaka kupsa.

Kumbuyo kwake kuli fyuzi ya 10A. Inandipserapo kamodzi, nthawi ya mawaya opotapota ija. Anzanga ena pa renki anandiuza kuti ndingokulunga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Chonde abale, musayerekeze. Fyuzi ikapsa ndiye kuti penapake pashota, ndipo yadzipereka kuti galimoto isayake. Yatsopano ndi ya makwacha ochepa.

Mlamu wanga wa ku Katete atamva mmene ikulirira anagula yofanana nayo ya Spacio yake. Ndinamuperekeza ndekha. Tinagula hanesi tsiku lomwelo tisanatuluke m'sitolo, n'kulunjika kwa achikulire aja ku Kapata. Popeza panalibe chodula, ntchito inatha ola lisanakwane. Tisanalipire ndinamuuza kuti asunge siteshoni imodzi, azule kiyi, aone ngati wailesi yazima, adikire pang'ono n'kuyatsanso. Inazima, ndipo itayaka inabwerera pa siteshoni yomwe anaisiya.