Buku la pepala, Kindle kapena foni: chomuyenera Mmalawi wowerenga ku Johannesburg n'chiti?

Munthu amene amawerenga pofuna kusangalala, osati chifukwa cha mayeso, ali ndi njira zitatu zopezera buku mumzinda uno: kugula la pepala, kugula kachipangizo kowerengera monga Kindle, kapena kuwerengera pa foni imene ali nayo kale m'thumba. Zitatu zonsezi ndimazigwiritsa ntchito, ndipo ndaona kuti nkhani ya mtengo, imene ambiri amayambira, siyiyenera kutsogola. Choyenera kudzifunsa poyamba n'chakuti mumawerenga m'chinenero chanji, mumawerengera malo otani, ndiponso buku mukalimaliza mumafuna kuti lipite m'manja mwa yani.

Foni ndiyo yosavuta kuinena, chifukwa ubwino wake aliyense akuudziwa. Simulipira kanthu kena kupatula data, ndipo pulogalamu ya Kindle kapena ya Google Play Books imalowa pa foni popanda kugula chipangizo china. Mabuku akale a Chingerezi amene alibenso mwini mwalamulo amapezeka ulere pa Project Gutenberg, nkhokwe imene inayamba mu 1971 ndipo lero ili ndi mabuku oposa 70,000. Baibulo la Chichewa nalonso lilipo pa pulogalamu ya YouVersion, ndipo m'mipingo yathu ya kuno si zachilendo kuona theka la anthu likutsegula vesi pa foni. Vuto n'lakuti foni simulola munthu kukhazikika. Mwangowerenga masamba awiri, uthenga wa WhatsApp wochokera kumudzi walowa, wina akufunsa ngati katundu wakwera basi, ndipo pobwerera ku nkhani ija mwaiwala amene amalankhula. Kuwala kwake kumatopetsa maso usiku, batire limatha msanga, komanso amene amakwera takisi pa Bree kapena pa Noord amadziwa kuti kutulutsa foni pafupi ndi zenera lotsegula n'kuitana wakuba. Pa zowerenga zazifupi foni ndi yokwanira, koma buku la masamba 400 ambiri salimaliza pamenepo.

Kindle ndiyo yofunika kuimapo pang'ono, popeza imafuna ndalama zambiri ndipo anthu amaigula asanaimvetse. Kampani ya Amazon inatulutsa yoyamba mu 2007, ndipo mtundu wa Paperwhite, umene uli ndi nyali yakeyake, unabwera mu 2012. Chimene chimaisiyanitsa ndi foni ndi sikirini yake. Zilembo zimakhala ngati zadindidwa ndi inki papepala lotuwa pang'ono, ndipo chipangizocho chimadya moto makamaka pamene mukutembenuza tsamba, n'chifukwa chake batire limakhala milungu ingapo musanatchajenso. Padzuwa la masana, pamene foni imachita mdima, zilembo za Kindle zimaonekera bwino koposa. Amene tinakhala kuno mu 2023, chaka chimene magetsi a Eskom ankazimitsidwa mosinthanasinthana pafupifupi tsiku lililonse, tikudziwa phindu la chinthu chosadalira soketi. Nyali yake imawalira patsamba, osati m'maso, kotero kuti m'chipinda chogona anthu atatu ku Yeoville kapena ku Rosettenville mungathe kuwerenga mpaka pakati pa usiku popanda kudzutsa mnzanu amene akulawirira ku ntchito. Kwa achikulire amene maso ayamba kuchita nkhungu, kukulitsa zilembo ndi chala ndi mwayi umene pepala silingapereke. Mukakumana ndi mawu ovuta a Chingerezi mumangowadina, tanthauzo n'kutulukira pomwepo, ndipo zimenezi zimathandiza kwambiri ife amene Chingerezi tinachiphunzirira m'kalasi.

Pa ulendo wopita kwathu ndi pamene chipangizochi chimaonetsa mphamvu zake. Basi yochokera pa Park Station kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa ku Mwanza imatenga pafupifupi masiku awiri, ndipo maola ambiri amathera pamizere ya m'malire. Kachipangizo kolemera ngati foni yaikulu kamanyamula mabuku mazanamazana, kosalanda malo a mafuta ophikira ndi mabulangete m'chikwama, ndipo kamafika ku Blantyre batire lisanathe.

Komabe pali zinthu zimene wogula ayenera kuzidziwa asanatulutse marandi ake masauzande angapo. Choyamba, buku la pa Kindle silikhala lanu monga mmene la pepala limakhalira: chimene mwalipira ndi chilolezo chowerenga, chomangiriridwa ku akaunti yanu, ndipo simungathe kuligulitsa kapena kulisiyira mwana wa mlongo wanu. Mu February 2025 Amazon inachotsanso njira yokopera mabuku ogulidwa kuwaika pa kompyuta kuti munthu adzawasamutse yekha ndi chingwe, zimene zinasonyeza poyera kuti makiyi a nkhokweyo ali m'manja mwa kampani. Chachiwiri, kugula kumafuna khadi la kubanki lolipirira pa intaneti, ndipo si Mmalawi aliyense wogwira ntchito kuno amene ali nalo. Chachitatu, zikalata za PDF siziwerengeka bwino pa sikirini yaing'onoyo, chifukwa tsamba lonse limafinyidwa mpaka zilembo kuchepa kwambiri. Kobo, yopangidwa ndi kampani ya Rakuten, imagwira ntchito mofanana ndipo imatsegula mwachindunji mafayilo a EPUB, mtundu wofala wa mabuku a pa intaneti, choncho ndi yabwinoko kwa amene safuna kudalira sitolo imodzi. Za mitundu yatsopano ya sikirini yoonetsa mitundu monga yofiira ndi yobiriwira imene makampani onse awiri anatulutsa mu 2024 sindiona chifukwa choionjezerera ndalama ngati mumawerenga nkhani zopanda zithunzi.

Buku la pepala likakhala latsopano ndi lodula, ndipo palibe chifukwa chobisira. M'dziko lino mabuku amalipiridwa msonkho wa VAT wa 15 peresenti ngati katundu wina wambiri, ndipo buku longotuluka kumene pa Exclusive Books ku Rosebank kapena ku Sandton kawirikawiri limapitirira R300, ndalama imene ambiri a ife tingakonde kuitumiza kumudzi. Koma Johannesburg ndi mzinda wa mabuku a kaunjika. Collectors Treasury, mumsewu wa Commissioner, ndi nyumba yodzaza mabuku kuchokera pansi mpaka kudenga, ena ataunjikidwa m'masitepe momwe moti mumadutsa chammbali, ndipo pamafunika kudekha kwa munthu wofuna kuona maso a nkhono kuti mupeze chimene mwadzera. M'misewu ya pakati pa tauni mulinso ogulitsa oyala mabuku pansi, amene mungakambirane nawo mtengo. Buku lotere mumaliwerenga mu takisi mopanda mantha, popeza palibe wakuba amene amalithamangira, ndipo likanyowa ndi mvula ya chilimwe mwataya pang'ono. Choipa chake n'chakuti limafuna malo komanso nyali, ndipo munthu wosamukasamuka nyumba za lendi amafika potopa ndi makatoni.

Chimene chimandichititsa kuika pepala patsogolo, ngakhale Kindle ndimaikonda, ndi chinenero chathu. M'masitolo a pa intanetiwa muli mabuku a Chingerezi osawerengeka, koma nkhani zolembedwa m'Chichewa n'zosowa kwambiri. Mabuku amene anatilera, kuyambira Nthondo la Samuel Josia Nthara, limene linatuluka mu 1933, kufikira a olemba monga John Gwengwe ndi Willie Zingani, amapezeka makamaka papepala, ndipo kuno amafika m'chikwama cha munthu wochokera kwathu amene anakumbukira kudzera ku sitolo ya mabuku ya CLAIM. Buku limodzi lotero limayenda nyumba ndi nyumba, kuchokera ku Turffontein kupita ku Tembisa, chikuto chitamatidwa ndi selotepi, dzina la mwini wake woyamba litalembedwa ndi bolopeni patsamba loyamba. Ana athu obadwira kuno, amene kusukulu amaphunzira Chingerezi ndi Chizulu kapena Chiafrikaans, amaliona patebulo n'kufunsa kuti likunena chiyani, pamene buku lobisika mu akaunti ya bambo awo sangadziwe n'komwe kuti lilipo. Ndikudziwa kuti mabuku ena a Chichewa amazungulira pa WhatsApp atajambulidwa tsamba ndi tsamba, koma zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa wolemba ndi wosindikiza salandirapo ngakhale tambala, ndipo msika wa mabuku athu ndi wofooka kale.

Choncho ngati mumamaliza buku la Chingerezi mwezi uliwonse, muli ndi khadi lolipirira, ndiponso mumagona m'chipinda cha anthu ambiri, gulani Kindle kapena Kobo, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, bola muonetsetse kuti mwini wake woyamba waichotsa pa akaunti yake musanapereke ndalama. Ngati mumawerenga mabuku awiri kapena atatu pachaka, ndalama imeneyo ingakugulireni mabuku a kaunjika okwanira zaka zingapo, ndipo foni isiyireni Baibulo ndi nkhani za tsiku. Za mabuku a Chichewa, tumani m'bale amene akubwera pa basi kuti akuguliretu kwathu, ndipo mumupatse ndalama ya awiri, kuti lina likhale lobwereketsa.