App ya broka, ya kunja kapena Google Sheets: iti ingakuuzeni zoona ngati masheya anu akuposa LASI?

M'magulu a anthu ogula masheya kuno ku Chipata muli funso losatha: "App ikuti ndapindula 25 peresenti, koma LASI yakwera kuposa pamenepo, ndiye kuti ndikuluza?" LASI ndi nambala yoonetsa kukwera ndi kutsika kwa mitengo ya masheya onse a pa Lusaka Securities Exchange (LuSE). Njira zomwe anthu akutsatira nazo masheya awo a ku LuSE ndi zinayi: app ya broka (kampani yokugulirani ndi kukugulitsirani masheya), ma app a kunja, tebulo la Google Sheets kapena Excel, ndi pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Portfolio Performance. Kuchulukitsa masheya ndi mtengo wa lero zonsezi zimatha, ndiye izo tizisiye. Pomwe zimasiyana ndi pa tsiku lomwe ndalama inalowa.

App ya broka tiipatse ulemu wake. Imaonetsa masheya omwe alidi m'dzina lanu, imaonetsa mtengo wa tsikulo, ndipo mumagula ndi kugulitsa muli ku Kapata osapita ku Lusaka. Pa zimenezi palibe yoilowa m'malo. Chomwe chimakwiyitsa ndi kanambala kobiriwira ka peresenti komwe ma app amtunduwu amakonda kuika pamwamba. Nthawi zambiri kamapezeka motere: mtengo wa masheya onse lero, kuchotsapo ndalama zomwe munagulira, kugawa ndi ndalama zomwezo. M'masamu amenewa mulibe kalendala. Kwacha yomwe yagwira ntchito zaka ziwiri ndi yomwe inalowa sabata yatha zimawerengedwa ngati zamsinkhu umodzi.

Kwa munthu woika ndalama yofanana mwezi ndi mwezi, vutoli n'lochepako. Koma kuno kwathu ndalama sibwera choncho. Mlimi wa ku Katete kapena Lundazi amagula masheya akagulitsa soya, mtedza kapena fodya, cha m'ma Juni mpaka Ogasiti. Pofika Novembala amagulitsako kuti apeze feteleza, Januwale ndi mafizi. Aphunzitsi ndi anamwino nawo amaponya ndalama yambiri tsiku limodzi chilimba chikawagwera. Ndalama ikamalowa ndi kutuluka mwa mitolo chonchi, peresenti ya mu app siyenera kuikidwa pambali pa LASI ngakhale pang'ono.

Onani chitsanzo ichi, manambala ake ndi ongoyerekeza. Pa 1 Julayi chaka choyamba mwagula masheya a K10,000, LASI ili pa 8,000. Pa 1 Julayi chaka chachiwiri soya wachita bwino, mwaonjezera K30,000, LASI ili pa 12,000. Pa 1 Julayi chaka chachitatu masheya anu onse afika K50,000, LASI ili pa 13,200. App iti mwapindula 25 peresenti, popeza K10,000 pa K40,000 ndi choncho. LASI kuchoka pa 8,000 kufika pa 13,200 ndi 65 peresenti. Munthu akaona 25 apa ndi 65 apo, mtima umamusweka, amagulitsa makampani abwinobwino n'kuthamangira omwe akwera kale, komanso kulipira ndalama za broka kawiri, pogulitsa ndi pogula.

Chonsecho sanaluze kalikonse. Gawo lalikulu la ndalama zake, K30,000 ija, silinalipo pomwe msika unkachoka pa 8,000 kupita pa 12,000. Funso loyenera ndi ili: ndalama zomwezi, pa masiku omwewa, zikanagula LASI, bwenzi lero zili zingati? K10,000 kugawa ndi 8,000 ndi magawo 1.25. K30,000 kugawa ndi 12,000 ndi magawo 2.5. Pamodzi ndi 3.75, kuchulukitsa ndi 13,200, ndi K49,500. Iye ali ndi K50,000. Wauposa msika ndi K500, pomwe app imamuonetsa ngati watsalira kutali. Bodza lomweli limagwiranso mbali inayo: woika ndalama yambiri msika uli pansi amaoneka katswiri ngakhale makampani omwe anasankha ali ofooka.

Palinso zina ziwiri zoti muyang'ane mu app yanu. Choyamba, tengani contract note imodzi, lisiti lomwe broka amapereka mukagula kapena kugulitsa, muone ngati mtengo wogulira womwe app ikuonetsa ukuphatikiza ndalama za broka, za LuSE ndi za SEC, bungwe loyang'anira msika wa masheya. Zimenezi pamodzi zimaposa 1 peresenti pogula, ndipo pogulitsa zidzachotsedwanso. Ngati sizikuwerengedwa, phindu lomwe mukuonalo ndi lokometsedwa. Chachiwiri ndi dividendi, gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni masheya. Imapita ku akaunti ya ku banki, ndipo ikangofika kumeneko ma app ambiri saikumbukiranso.

Ma app a kunja sitichedwapo. Ndi okongola, magirafu ake ndi osalala, koma ambiri mwa iwo mitengo ya ku LuSE mulibe. Ngakhale GOOGLEFINANCE ya mu Google Sheets siikoka. Choopsa si kusowako, koma kuti app imakupatsani dzina lofanana, inu n'kuvomera. Mukalemba Airtel imabweretsa Airtel Africa ya ku London, yomwe si Airtel Networks Zambia. Mukalemba Standard Chartered kapena British American Tobacco imabweretsa makampani akuluakulu a ku London, osati a kuno. Shoprite imabwera ya ku Johannesburg m'ndalama ya ku South Africa, Zambeef ya pa msika wa AIM ku London m'ndalama ya ku Britain. Kenako imakuyerekezani ndi S&P 500 ya ku America, msika womwe simunaikeko ngwee ndi imodzi yomwe. Zina mwa izo zimafuna ndalama ya mwezi ndi mwezi m'madola, ndipo kwacha ikagwa bilu imakwera yokha. Kulipira madola kuti muzilembabe mitengo ndi manja anu, ayi ndithu. Amene ali ndi masheya a ku America ndiye angapezemo ntchito.

Tebulo la Google Sheets ndi lomwe tikuliikira kumbuyo, ndipo sitibisa. N'laulere, limatseguka pafoni, ndipo mukalisunga kuti lizitseguka popanda intaneti mumalembamo ngakhale netiweki itavuta. Mizati yofunika ndi isanu basi. Mu A lembani tsiku. Mu B lembani ndalama: yokhala ndi minus mukagula, yopanda minus mukagulitsa, ndipo muzitenga nambala yomaliza ya pa contract note, ndalama za broka zili momwemo. Mu C lembani LASI ya tsiku limenelo kuchokera pa lipoti la msika lomwe LuSE imatulutsa. Mu D ikani =-B2/C2, ndiwo magawo a LASI yongoyerekeza aja; mukagulitsa, nambalayi imatuluka ya minus n'kuchepetsa magawo yokha. Mzere womaliza ukhale wa lero, mu B muikemo mtengo wa masheya onse ngati kuti mwagulitsa. Mzati E ukopere B yonse, kupatula mzere womalizawo, momwe muike magawo onse a mu D a m'mizere ya pamwamba kuchulukitsa ndi LASI ya lero.

Tsopano XIRR, fomula ya mu tebulo yomwe imawerengera phindu la pa chaka potengera tsiku lomwe ndalama iliyonse inalowa kapena kutuluka. Pa chitsanzo chathu, =XIRR(B2:B4,A2:A4) ipereka pafupifupi 19.3 peresenti pa chaka, pomwe =XIRR(E2:E4,A2:A4) ipereka pafupifupi 18.3. Manambala awiriwa ndiwo oyenera kuikidwa pamodzi, chifukwa ayezedwa pa sikelo imodzi.

Tebulo lili ndi misampha yake, ndipo yoyamba ndi madeti. Ngati fayilo ili pa kalembedwe ka ku America, 1/7 imawerengedwa kuti 7 Januwale, osati 1 Julayi, ndipo XIRR siidandaula, imangopereka yankho lolakwika mwakachetechete. Lembani =DATE(2024,7,1), nkhani yatha. Mukaiwala minus pa zogula, imatulutsa #NUM! chifukwa imafuna ndalama yolowa ndi yotuluka. Musaikhulupirirenso chaka chisanakwane: 5 peresenti ya mwezi umodzi imaitambasula n'kukhala pafupifupi 80 pa chaka. Kampani ikapereka rights issue, mwayi woti eni masheya agule ena atsopano, ndalama yomwe mwalipira ndi mzere watsopano wa minus. Ikagawa masheya a bonasi musalembe kanthu mu B, mungosintha chiwerengero cha masheya.

Pa dividendi m'pofunika kudziletsa. LASI imatsata mitengo ya masheya, madividendi salowamo. Mukaika madividendi anu mu B n'kuyerekeza ndi LASI, mwadzipatsa chigoli cha ulere chaka chilichonse. Choncho khalani ndi ma XIRR awiri. Yopanda dividendi muiyerekeze ndi LASI. Yokhala ndi dividendi, yolembedwa pa tsiku lomwe inafikadi mu akaunti, muiyerekeze ndi zomwe ndalamayo ikanapeza kwina. Kunena zoona, kwa munthu wa kuno mpikisano weniweni uli kwinako. LASI simungaigule pa kauntala, koma Treasury bill ya Bank of Zambia ya masiku 91, 182, 273 kapena 364, komwe ndi kubwereka boma ndalama, mukhoza kugula. Tengani chiwongoladzanja cha ya masiku 364, muchotsepo msonkho, muone ngati masheya anu akuchiposa. Pambali pake ikani inflation, kukwera kwa mitengo ya zinthu, yomwe bungwe la ziwerengero la ZamStats limalengeza mwezi uliwonse. Bank of Zambia imafuna kuti izikhala pakati pa 6 ndi 8 peresenti, koma mu 2021 inapitirira 24. Chaka chimenecho amene anapindula 19 peresenti anagula shuga ndi sopo wochepa kusiyana ndi chaka chapitacho, ngakhale app inali yobiriwira.

Chinthu chomwe chimavutitsa njira zonse zinayi ndi mtengo wa makampani osagulidwa kawirikawiri. Ku LuSE alipo masheya omwe amatha masiku osasinthana manja, ndipo mtengo womaliza ukhoza kukhala wa timasheya tochepa tomwe wina anagula kalekale. App imachulukitsa mtengo umenewo ndi masheya anu onse ngati kuti wogula akudikira pakhomo. Mu tebulo muli ndi ufulu woika mtengo womwe ogula akupereka lero, womwe pa app umalembedwa kuti bid, n'kuchotsanso ndalama zogulitsira. Nambala imatsika, koma ndi yomwe mudzaigwire m'manja pakatha masiku atatu a ntchito mutagulitsa. Kumbukiraninso kuti LASI imalemera kumbali ya makampani akuluakulu. Kampani ngati CEC (Copperbelt Energy Corporation) ikasuntha kwambiri, LASI imatsatira ngakhale makampani ang'onoang'ono atangokhala chete. Ngati mulibe masheya a kampaniyo, kusiyana kwanu ndi LASI chaka chimenecho kungachokere pa dzina limodzi lomwelo, ndiye musafulumire kugulitsa zonse.

Kwa anzathu omwe ali ndi masheya kutsidya kwa Mwami, pa Malawi Stock Exchange, apa tebulo limapambana kutali. Musaphatikize makwacha awiriwa mumzati umodzi. Kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. MASI, yomwe ili ngati LASI ya ku Malawi, ikhoza kukwera mokondweretsa ku Blantyre, koma mukasintha kukhala kwacha ya Zambia yogulira pa msika wa Saturday phindulo lafota. Masheya a ku Malawi akhale ndi tsamba lawo, ayerekezedwe ndi MASI m'kwacha ya komweko. Kenako tsamba lachitatu lisinthe ndalama iliyonse pa mtengo wa tsiku lomwe inalowa, osati wa lero. N'chimodzimodzi kwa okonda kuwerengera m'madola: dola inali cha m'ma K22 pakati pa 2021, inatsikira cha m'ma K16 mu 2022, n'kupitirira K27 kumapeto kwa 2024. Kusintha zonse pa mtengo wa lero kumafafaniza ulendo wonsewo.

Portfolio Performance ndi ya anthu omwe tebulo lawachepera. Ndi yaulere, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo masamu ake ndi oposa a tebulo. Imapereka IRR, yomwe ndi XIRR yomwe ija, komanso TTWROR, yomwe imachotseratu nkhani ya kulowa ndi kutuluka kwa ndalama n'kusiya luso lanu losankha makampani lokha. Nambala yachiwiriyi ndiyo mukhoza kuiika maso ndi maso ndi kukwera kwa LASI popanda magawo ongoyerekeza. Madividendi, ndalama za broka ndi msonkho zili ndi malo ake. Koma ntchito yake ndi yambiri. Kampani iliyonse ya ku LuSE mumailenga nokha, LASI nayo chimodzimodzi, mitengo mumalemba ndi manja kapena kulowetsa kuchokera mu fayilo ya CSV. Mitengo yosinthira ndalama imatenga ku European Central Bank, komwe kwacha kulibe, ndiye nayonso ndi yolemba nokha. Mukalekeza kulemba mitengo miyezi itatu, girafu imagona chigonere kenako n'kudumpha tsiku limodzi, ndipo TTWROR imasokonekera ngati munaika ndalama mkati mwa miyezi imeneyo. Imafunanso kompyuta, ndipo amene anaona momwe magetsi ankazimira mu 2024 akudziwa kuti si nkhani yaing'ono.

Ndiye ngati muli ndi makampani osapitirira asanu ndi atatu kapena khumi, tsegulani tebulo, app ya broka muisiyire kugula ndi kugulitsa. Kulemba mitengo kamodzi pa mwezi, tsiku lomaliza la malonda, n'kokwanira. Chosayenera kudikira kutha kwa mwezi ndi LASI ya tsiku lomwe mwagula kapena kugulitsa. Ilembeni madzulo omwewo pamodzi ndi nambala ya pa contract note, chifukwa kufunafuna LASI ya Lachiwiri lina lake la zaka ziwiri zapitazo kumadya bando yambiri kuposa tebulo lonse.