Lamba wa m'galimoto akavuta: watsopano, wochotsa pa galimoto ina, kapena kukonzetsa yemweyo?

Lamba akayamba kuzengereza kubwerera m'malo mwake, kapena akangouma gwa osatuluka n'komwe, ambirife timathamangira kufunsa kuti wotchipa ndi uti. Funso loyamba likanakhala lakuti chafa n'chiyani. Chimene timangochitcha lamba si nsalu yokha yodutsa pachifuwa ija ayi. Ndi zipangizo zingapo zogwira ntchito limodzi, ndipo zambiri zinabisika kuseri kwa pulasitiki wa nsanamira ya pakati pa zitseko. Anthu amasankha pa njira zinayi: kugula watsopano wa kampani yomwe inapanga galimotoyo, kugula wochotsedwa pa galimoto yophwasulidwa, kukonzetsa yemweyo, kapena kuika wa m'mashopu uja amati amakwana galimoto iliyonse. Yabwino ndi iti zimatengera gawo lomwe lawonongeka, choncho tiyambe tasuzumira mkatimo.

Mukachotsa pulasitiki uja mupeza kabokosi kachitsulo komwe amakaniko amakatcha retractor. Pakati pake pali chokulungira lamba. Mbali imodzi kuli sipuling'i yopyapyala yokulungidwa, yomwe imabweza lamba mukamasula. Nzeru zonse zili mbali inayo. Kumeneko kuli kampira kachitsulo kokhala m'kambale kolowa pakati, ndipo galimoto ikamayenda bwinobwino kampirako kamangoti phee. Mukaponda mabuleki mwadzidzidzi, kapena galimoto ikapendekeka, kamagubuduka n'kutukula kadzino komwe kamakola gudumu la mano. Basi lamba wagwira. Palinso kachitsulo kolemera pa chokulungira chija, kamene kamatsalira m'mbuyo lamba akasololedwa mwamphamvu, nako n'kukola mano omwewo. N'chifukwa chake mukakoka lamba mopupuluma amakana, koma mukakoka pang'onopang'ono amabwera. Malamulo a malamba a bungwe la United Nations, otchedwa Regulation 16, amati retractor isagwire ikapendekeka madigiri 12 kapena kucheperapo, koma igwire ikapitirira madigiri 27. Madigiri amenewa musawaiwale, chifukwa ndi amene agwetse njira imodzi mwa zinayi zija.

Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi zinthu zina ziwiri, makamaka pamipando yakutsogolo. Choyamba ndi pretensioner, yomwe Mercedes-Benz inayamba kuika mu S-Class mu 1981. Ndi kachitini ka wonga komwe kompyuta ya airbag (chikwama cha mpweya chija chofufuma pangozi) imakaphulitsa ikazindikira kuti galimoto yawomba, ndipo mpweya wotuluka pamenepo umakunga lamba masentimita angapo munthu asanayambe n'komwe kuponyedwa kutsogolo. Chachiwiri ndi load limiter, kamtengo kachitsulo kodutsa mkati mwa chokulungira. Mphamvu yokoka ikafika pafupifupi makilonewton 4 mpaka 6 (ngati kulemera kwa makilogalamu 400 mpaka 600), kamtengoko kamapotoka n'kulola lamba kutuluka pang'ono kuti asathyole nthiti. Munthu wowomba khoma pa liwiro la makilomita 50 pa ola amafanana ndi wogwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 10, ndiye mukuona kuti zipangizozi zili ndi ntchito. Koma zonse ziwiri zili ngati ndodo ya machesi: zikayaka kamodzi zathera pomwepo. Kamtengo kopotoka sikabwerera mwakale, ndipo simungakaone muli kunja.

Musanatulutse ndalama iliyonse, tsukani kaye. Malamba ambiri aulesi sanafe, angodzaza litsiro. Thukuta, mafuta odzola ndi fumbi zimaumitsa nsalu, n'kumatiriranso pa mphete yapamwamba ya paphewa pomwe lamba amadutsa. Sololani lamba yense mpaka kumapeto, mum'pane ndi chopanira kuti asabwerere, mum'tsuke ndi madzi ofunda ndi sopo wosaluma, mupukute mphete ija (mudzadabwa ndi zakuda zomwe zidzatuluke pamenepo), kenako aume pamthunzi ali wotambasula. Mankhwala oyeretsa zovala, petulo ndi utoto zimafoola ulusi, musaziyandikize. Mkati mwa retractor musathiremo oyilo. Oyilo amaitana fumbi, kampira kaja kamamatirira, ndipo lamba amene amabwerera mwamyaa angathe kulephera kugwira tsiku la ngozi.

Kutsuka kukakanika, mpikisano weniweni uli pakati pa watsopano ndi wochotsa pa galimoto ina.

Watsopano mtengo wake ndi woboola m'thumba, tisanamizane, makamaka wokhala ndi pretensioner. Nthawi zina amafunikanso kuitanitsa n'kudikira. Chimene mukugula ndi mbiri yoyera: nsalu yomwe sinawombedwe ndi dzuwa zaka khumi, wonga wosaphulika, kamtengo kosapotoka, ndiponso pulagi yolowa mu waya wa galimoto yanu popanda kudula kanthu. Mukapereka nambala ya chasisi amakupatsani wa mbali yoyenera ndi chaka choyenera. Izi si zazing'ono, chifukwa lamba wa kumanja sakwana kumanzere, ndipo galimoto za dzina limodzi zimasintha mapulagi ndi mphamvu ya load limiter chaka china. Opanga galimoto anayeza lambayo pamodzi ndi airbag ndi mpando wake kuti zizilandizana munthu m'nthawi yake.

Wochotsa pa galimoto ina naye ndi weniweni, wopangidwa ndi makampani omwewo opanga malamba, monga Autoliv, ZF kapena Tokai Rika, ndipo amatsika mtengo kwambiri. Vuto lake ndi limodzi koma ndi lalikulu: galimoto yabwinobwino siphwasulidwa. Ina inafa injini, ina inachita dzimbiri, koma zambiri zinafika kumeneko chifukwa cha ngozi kapena kumira m'madzi. Wogulitsa akakuuzani kuti pampando umenewo sipanakhale munthu, inu mungatsimikize bwanji?

Zizindikiro zina zimaoneka ndithu, ngati muli ndi diso. Sololani lamba yense, mum'pendeke padzuwa. Lamba amene anagwirapo munthu pangozi amakhala ndi malo onyezimira, owuma ngati anapsa pang'ono, chifukwa nsalu inakhuzika mwamphamvu mpaka kusungunula pulasitiki wa pa chitsulo chokolowekera chija ndi wa pa mphete yapamwamba. Pulasitikiyo naye amakhala ndi mizere ya ulusi wa lamba yodindika. M'mphepete mwa nsalu mumachita mafunde, simuwongoka. Malamba ena ali ndi kachigawo kopindidwa n'kusokedwa pafupi ndi pansi, kobisika m'kathumba, komwe kamasosoka pangozi n'kuonetsa kachizindikiro kolamula kuti lamba asinthidwe. Pretensioner yophulika kale imasiya lamba atauma nganganga, ndipo ngati ili kumbali ya loko (chija mumalowekamo chitsulo cha lamba pomanga), kamtengo ka lokoyo kamafupika, chophimba chake n'kukwinyika. Kumapeto kwa lamba kuli kansalu kolembedwa chaka chomwe anapangidwa. Pa malamba oyezedwa ndi malamulo a United Nations mupezapo chilembo E m'kati mwa mzere wozungulira, ndi nambala ya dziko lomwe linavomereza, monga E1 ya Germany kapena E43 ya Japan. Mupezaponso zilembo ngati Ar4m: A ndi lamba womangika malo atatu, r4 ndi retractor yogwira mwadzidzidzi, m ndiye kuti imamva njira zonse ziwiri zija. Pakawonjezereka p ndiye kuti pali pretensioner. Zilembozi zifanane ndi za lamba wanu wakale.

Komabe zonsezi zimangokuthandizani kukana woipa woonekeratu. Kamtengo kopotoka pang'ono, sipuling'i yoyamba dzimbiri mkati, wonga wolowa chinyezi, zimenezi diso siliona. Ine ndimagawa chonchi. Lamba wakumbuyo wopanda pretensioner, wochokera pa galimoto yomwe ndaiona ndekha kuti inafa injini ndipo thupi lake ndi lathunthu, ndingamuike mtima uli m'malo. Wakutsogolo wokhala ndi wonga, yemwe ndangomupeza pashelefu atachotsedwa kale, ayi. Ndipo ngati galimoto yanu ndi yomwe yachita ngozi mpaka airbag kuphulika, mabuku a opanga galimoto amanena chimodzimodzi: lamba aliyense yemwe anamangidwa panthawiyo asinthidwe yense, pamodzi ndi loko wake.

Loko ndi nkhani ina yomwe anthu amaipeputsa. Nthawi zambiri akakana kugwira mumakhala mutagwera kandalama kachitsulo, nyenyeswa kapena zakumwa zotsekemera zomwe zinaumiramo, ndipo kupopera mpweya kumathandiza. Koma batani lofiira lija ndi pulasitiki, ndipo pulasitiki amakalamba. Mu 1995 ku America kunaitanidwa magalimoto opitirira 8 miliyoni, a zaka za 1986 mpaka 1991, ambiri a makampani a ku Japan, chifukwa mabatani a maloko opangidwa ndi kampani ya Takata ankathetheka, tizidutswa n'kugwera mkati mpaka loko kumangooneka ngati wagwira pomwe sanagwire. Kugula loko wa zaka makumi awiri kuti alowe m'malo mwa mnzake wa zaka zomwezo n'kungosinthana nkhalamba. Loko wopanda wonga sakwera mtengo kwenikweni, gulani watsopano.

Kukonzetsa yemweyo kuli pawiri, ndipo anthu amasokoneza. Pali makampani odziwa ntchitoyi omwe amachotsa nsalu yong'ambika n'kuika yatsopano ya poliyesitala yoyezedwa, ndi ulusi wake, kasokedwe kake ndi kutalika kofanana ndi kwa wakale. Kwa galimoto yakale yomwe malamba ake anasiya kupangidwa, kapena pomwe galu wangotafuna nsalu koma retractor ili bwinobwino, njira imeneyi ndi yomveka. Funsani chiphaso cha nsaluyo, chifukwa m'mayiko ena oyeza magalimoto amakana lamba wosokedwanso mosadziwika bwino. Ndiye pali kukonza kwina kuja: kudula pong'ambika n'kulumikiza pa makina osokera zovala, kumanga mfundo, kapena kuboola n'kuika bawuti. Regulation 16 imafuna kuti nsalu ya lamba ipirire madekanewton 1,470 isanaduke, komwe ndi kulemera kwa pafupifupi tani imodzi ndi theka. Ulusi wa telala ungapirire zimenezo? Kutsegula chivindikiro cha sipuling'i nakonso musayese. Imatumpha yonse n'kumwazika, imacheka zala, ndipo kuibwezeretsa mwakale ndi ntchito ya tsiku lonse yosadalirika.

Choipa kuposa zonse ndi chinyengo cha resistor. Pretensioner ikaphulika, nyale ya airbag pa dashibodi imayaka osazima. Ena amamasula lamba wouma uja kuti aziyendanso, n'kulumikiza resistor (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi) ya ma ohm awiri kapena atatu pa pulagi, kompyuta n'kumaganiza kuti wonga ulipo. Nyale yazima, mwini wake wasangalala, koma wagwiritsidwa fuwa lamoto. Ogula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito, apa ndi pomwe muyenera kupempha kuti pulasitiki wa nsanamira achotsedwe muone ndi maso anu kuti pulagi yachikasu ya mawaya a airbag yalowa mu pretensioner yeniyeni.

Wa galimoto iliyonse sindichedwa naye. Alibe pretensioner, alibe pulagi, ndipo nthawi zambiri retractor yake inapangidwa kuti iime mowongoka mwa mtundu umodzi. Nsanamira ya galimoto yanu ikakhala yopendekeka kuposa madigiri aja, kampira kamakhala kali kumbali kale, ndiye lamba amangogwira pachabe kapena satuluka n'komwe. Malo ake ndi galimoto zakalekale zomwe zinabwera ndi lamba wa m'chiuno yekha kapena zopanda lamba. Kumeneko ndi phindu ndithu, bola pakhale malo olimba omangirapo. Lamba wa m'chiuno yekha amaletsa munthu kuponyedwa kunja, koma thupi limapindikira pa iye, mutu kukamenya kutsogolo, msana ndi matumbo n'kuvulala. Ndi vuto limeneli lomwe Nils Bohlin wa ku Volvo anathetsa mu 1959 ndi lamba womangika malo atatu, ndipo Volvo inalola makampani ena kutengera luso limeneli mwaulere.

Njira iliyonse yomwe mungasankhe, kaikidwe kangawononge lamba wabwino. Pogwira chilichonse chokhala ndi pulagi yachikasu, zimitsani galimoto, chotsani waya wa negativi pa batire, mudikire nthawi yomwe buku la galimoto yanu likunena. Pa Toyota zambiri ndi masekondi 90, pa zina ndi mphindi zitatu kapena kupitirira, chifukwa kompyuta ya airbag imasunga magetsi kwa kanthawi. Pretensioner musaiyeze ndi mita wamba yoyezera magetsi, chifukwa timagetsi ta mitayo tingaiphulitse ili m'manja mwanu. Mabawuti a malamba pa magalimoto ambiri, ngakhale omwe china chilichonse ndi cha mamilimita, ali ndi mazinga a mainchesi, a 7/16-20 UNF. Bawuti wina wongofanana naye amalowa pang'ono n'kuyamba kudya mazinga, choncho bwezerani omwewo kapena ake enieni, ndi mawashala ake m'ndondomeko yomwe munawapezera, mumange pa mphamvu yolembedwa m'buku.

Mukamaliza, onani kuti nsalu sinapotoke paliponse kuchokera pansi mpaka paphewa. Lumikizani batire, mutembenuze kiyi muli pambali, osati mutaweramira chiwongolero. Nyale ya airbag iyake masekondi ochepa kenako izime yokha. Ikatsala yoyaka, pakufunika makina owerengera kompyuta, ndipo pambuyo pa ngozi nthawi zambiri kompyutayo imafunika kusinthidwa kapena kufufutidwa ndi odziwa. Kokani lamba mwamphamvu muone kuti wagwira. Kenako pezani malo opanda magalimoto ena, muyende pang'onopang'ono, muponde mabuleki mwamphamvu mutatsamira kutsogolo pang'ono. Kukoka ndi dzanja kumayesa kachitsulo kolemera kokha, pomwe kampira kaja kamayesedwa ndi mabuleki.