Mwana wa autism wowerenga msanga: mkombaphala, nazale yolipira kapena pakhomo?

Mwana wanu ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limachititsa kuti kulankhulana ndi kucheza ndi anthu kuzimuvuta. Ali ndi zaka 4, akuwerenga zikwangwani za pamsewu, koma mukamuitana dzina sacheuka, ndipo anzake akayamba kuimba amatseka makutu. Achibale amati wanzeru chonchi akayambe Sitandade 1 basi. Musapupulume. Ku pulayimale amayamba ndi zaka 6, ndipo kwa ana otere kuwerenga kumathamanga, kumvetsa zowerengazo kumatsalira m'mbuyo. Zilembo ali nazo kale. Chimene akusowa ndi kupempha madzi, kudikira nthawi yake, kusewera ndi mnzake.

Ku mkombaphala n'kufupi, ndalama zake n'zochepa, ndipo ana ake ndi omwewo amawaona pamudzi. Tsiku limayenda ndi nyimbo, masewera ndi phala. Koma alezi ndi ongodzipereka, ambiri sanaphunzirepo za autism, ndiye kulira chifukwa cha phokoso angakutenge ngati mwano. Onaninso mpanda. Ana ambiri a autism amangonyamuka osatsanzika, ndipo msewu kapena chitsime sichikhala patali.

Nazale yolipira imakopa: ana ochepa m'kalasi, geti lotseka, zochita za tsiku ndi tsiku zosasinthasintha, zomwe mwanayu amazikonda. Apa ndiye pamene ndimachenjeza kwambiri. Nazale zambiri zimanyadira kuloweza ABC ndi Chingerezi, zinthu zimene iye anamaliza kalekale. Adzamuimika kutsogolo pa tsiku la makolo kuti awerenge, anthu aombe m'manja, koma chaka chitha asanaphunzire kunena kuti akufuna kuchimbudzi. Musafunse za silabasi. Funsani kuti akagwa pansi n'kumakuwa amatani naye, ngati pali kangodya kabata kopumirako, komanso ngati angakuloleni kukhala m'kalasi m'mawa umodzi. Akakana zimenezi, fizi yanu ipite kwina.

Kumusunga pakhomo kumapatsa bata, koma anzake awapeza kuti? Kungathandize kwa miyezi yochepa yokha, mukuyenda naye kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Akatswiri othandiza ana kulankhula ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, choncho zimene akuonetsani muzikabwereza nokha madzulo alionse.

Ine ndingasankhe kulikonse kumene kuli mlezi wodekha ndi ana ochepa, maola awiri kapena atatu patsiku, mabuku ovutirapo aziwerengera kunyumba. Ngati pulayimale yapafupi ili ndi mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera, monga aja anaphunzira ku koleji ya aphunzitsi ya Montfort ku Nguludi, kamuoneni chaka chino, mwana asanakwane zaka 6.